Kudikira Chala cha Bambo Wake wa Ndaziona

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, tikudzuka. Kalata iyi ndikulemba ndili pakhonde panu kuno kwa Nazombe, osati ku Mangalande kumene makalata anga ankachokera muli moyo. Musadabwe. Ndatha chaka ndi miyezi iwiri ndili pano, ndipo tsiku lochoka sindikulidziwa. Ndikuuzani zonse, koma ndiyambe ndi za pamudzi, paja inu munkadana ndi munthu wongofikira kudandaula asanapereke moni.

Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi wa Juni, mwana wamwamuna, wachinayi tsopano. Mphuno ndi yanu yeniyeni, mpaka anthu obwera kudzaona mwana ankaseka asanakhale pansi. Amalume a Mulepa akadapalasa njinga ngakhale bondo likuwavuta, ndipo akadakangana ndi a Namakhwa za malire a dimba lija. Nandolo anachita bwino chaka chino, koma chimanga anankafumbwe anachilowa msanga, moti tayamba kale kusakaniza ndi ufa wa makaka. Mtengo wanu wa mapeyala unathyoka nthambi yaikulu ndi mphepo yochokera kuphiri, nthambiyo n'kugwera denga la khitchini. Tafolera ndi udzu. Kalongonda wanu uja amamerabe yekha kuseri kwa bafa, koma palibe amene ali ndi mtima womuphika tsiku lonse monga munkachitira inu.

Tsopano za ine.

Titakuikani, ndinabwerera kuntchito yanga ya unamwino. Patapita chaka ndinapitanso padera, kachitatu. Madokotala anatikhazika pansi ine ndi mkamwini wanu a Tomasi, n'kutiuza kuti tisayesenso, thupi langa silingapirire. Tsiku limenelo ndinakumbukira zimene munandiuza nditapita padera koyamba, mukundisisita msana m'chipinda chanu chija. Munati, "Rozina, kubala n'kwa Mulungu, koma kubereka n'kwa msana. Msana uli nawo." Nthawi imeneyo ndinakwiya nanu. Ndinkaona ngati mukunditonthoza ndi mawu chabe.

Kenako Esinati anandilembera za Eluby. Mukumukumbukira, mtsikana wamtali uja ankakugulitsani matemba, mwana wa mayi osaona bwino a kwa Chiwalo. Anali woyembekezera, ndipo matenda a uchembere anamuyamba mvula ili pakati, mtsinje utadzaza. Anafika naye kuchipatala mochedwa. Mwana anatuluka wamoyo, Eluby sanadzuke. Mwamuna wake anali kunyanja ya Chilwa, mbali ya ku Mozambiki, ndipo sanaonekenso. Agogo ake a mwanayo anayesa kumulera ndi phala lamadzimadzi kwa milungu itatu, kenako anamupereka kwa masisitere amene amasunga makanda amasiye. Dzina anamupatsa ndi agogo akewo: Ndaziona.

Ine ndi a Tomasi tinagwirizana kuti timutenge mwanayo akhale wathu. Tinkaganiza kuti ndi nkhani ya miyezi itatu. Ndinapempha tchuthi, ndinagula timadiresi ta mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, ndinakwera ndege.

Amayi, pali chinthu chimene sindinakuuzeni chifukwa chinachitika inu mutapita. Ine ndi a Tomasi tinatenga unzika wa dziko lija. Tinachita zimenezi kuti ntchito zathu zikhazikike, ndipo tsikulo tinavina. Nditafika kuofesi yoona za ana kuboma, mayi amene anandilandira anatembenuza pasipoti yanga uku ndi uku, n'kuiika patebulo pang'onopang'ono.

"Mayi, inu ndinu mlendo," anatero.

"Mlendo bwanji? Mchombo wanga uli kwa Nazombe. Manda a amayi anga ali kwa Nazombe."

"Sindikukana ayi. Ngakhale kalankhulidwe kanu kakuchitirani umboni. Koma mutatenga unzika wa uko, wa kuno unatha. Mlendo akafuna kutenga mwana kupita naye kunja, amayamba wakhala kuno nthawi yaitali, ife tikumuona. Mukachoka pakati, tiyambiranso kuwerenga."

Sanali munthu woipa. Anandipatsa madzi akumwa. Pobwerera, ndili kumbuyo kwa njinga, mawu anu aja ankangondizungulira m'mutu: walira mvula, walira matope. Mpaka lero, pakapita miyezi ingapo ndimakwera minibasi kupita ku Blantyre kukapempha chidindo choti ndipitirize kukhala m'dziko limene munandibaliramo.

Ndaziona sanabwere pakhomo pano. Amakhalabe kwa masisitere mpaka khothi litalamula. Ndimaloledwa kukamuona Lachiwiri ndi Loweruka, kuyambira m'mawa mpaka akadya chamasana. Masiku ena asanuwo ndimakonzekera. Chipinda chanu ndinachizira, ndinachipaka laimu, ndinamanga neti. Mankhwala a makoswe ndinawachotsa pansi pa bedi. Amalume anatchinga chitsime ndi nsungwi chifukwa mayi wa kuofesi uja atabwera kudzayendera anaima pamenepo nthawi yaitali akulemba. Zonse zili m'malo mwake. Chipindacho ndimachisesa tsiku ndi tsiku ngakhale palibe amene amachidetsa.

Mukanaseka mukanandiona ndikuphunzira kubereka mwana. Ine amene ndasambitsa makanda osawerengeka m'chipatala cha azungu, chitenje chinandikanika. Esinati anandibwereka khanda lake, ndinawerama, ndinamanga, nditangoweramuka mwana anatsetsereka mpaka m'chiuno, miyendo ili lendelende. Amayi a pamjigo anaseka mpaka wina anataya ndowa. Mmodzi anati, "Anamwino, kusukulu kuja sanakuphunzitseni?" Ndinaseka nawo, koma nditalowa m'nyumba ndinalira. Panopa ndimatha. Loweruka lililonse ndimamubereka Ndaziona n'kuzungulira naye bwalo la masisitere, kuchokera pamtengo wa mango kukafika pageti, n'kubwerera. Pageti sitidutsa.

Timadiresi tija sanavale ngakhale kamodzi. Pamene ankandilola kumubweretsera zovala n'kuti tonse titamuchepera. Ndinapereka kwa makanda ena. Anayamba kukwawa Lachinayi, ine kulibe. Anayamba kuyenda Lolemba, ine kulibe. Ndimangouzidwa. Amanditchula kuti mama, koma amatchulanso choncho sisitere aliyense ndi mayi wochapa matewera.

A Tomasi anabwera milungu itatu yokha, ntchito yawo yoyendetsa mabasi sikanawalola kupitirira apo. Timalankhulana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ndimakwera pachulu cha kuseri kwa khola, chifukwa ndi pokhapo pamene foni imagwira. Iwonso uko akukonzekera. Anapaka penti yachikasu m'kachipinda kena, anagula kabedi. Tsiku lina anandifunsa saizi ya nsapato. Ndinamupondetsa mwana papepala, ndinajambula phazi lake ndi pensulo, n'kutumiza papositi. Nsapato zitafika, phazi linali litakula.

Panatsala chinthu chimodzi. A khothi anafuna kuti bambo wa mwana avomereze ndi chala chake papepala, kapena pakhale umboni woti wafunidwa ndipo sanapezeke. Agogo ake anali atadinda kale, ndi amalume ake a Eluby omwe. Amalume a Mulepa anadzipereka. Anapita kunyanja katatu pa njinga ndi bondo lawo lija, kufunsa m'madoko za bamboyo, msodzi wotchedwa Fakisoni. Maulendo awiri anabwerako chimanjamanja, ndipo ndikuuzeni zoona, Amayi, mtima wanga unkakondwa. Ulendo wachitatu anamupeza.

Anabwera milungu iwiri yapitayo, Loweruka. Ndinkayembekezera chidakwa, munthu wothawa mwana wake, woti ndimuyang'ane ndi diso lonyoza. Amene analowa pageti anali mwamuna wowonda, wa manja ong'aluka ndi zingwe za ukonde, atavala malaya ochapa bwino ngakhale kolala inali itatha. Ananyamula matemba ochepa okulunga m'pepala. Anakana mpando, anakhala pansi. Sisitere anabwera ndi Ndaziona n'kumuimika pakati pathu. Mwana anayang'ana mlendoyo, kenako anathawira kwa ine n'kubisa nkhope m'chitenje changa.

Bamboyo anamuyang'ana mwanayo. Kenako anayankhula.

"Uthenga umene unandipeza kunyanja unali woti apita onse awiri. Mayi ndi mwana. Ndinalira maliro a anthu awiri, ine. Kumudzi kuno ndikanabwereranji?"

Mayi wa kuofesi uja, amene analinso pomwepo, anamufotokozera bwinobwino za pepalalo, kuti akadinda ndiye kuti mwana akhala wanga ndi wa a Tomasi, ndipo adzapita kutsidya la nyanja zikuluzikulu. Anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, ndikuona kuti mwanayu mumamukonda. Wathawira kwa inu, osati kwa ine. Ine ndilibe nyumba, ndimagona m'chisakasa pamadzi. Koma ndamupeza lero. Lero lomweli ndimutayenso?"

Sanadinde, komanso sanakane. Anati akaganize, adzabwera nyanja ikatsekedwa mwezi wa Disembala, asodzi akamabwerera kumtunda. Pochoka anasiya matemba aja m'manja mwa sisitere, anayang'ana mwana kamodzinso, n'kutuluka.

Panjira amalume anatsika njinga n'kuyamba kuikankha. Anati, "Mphwanga, ndakulakwira. Ndikanangobwerako n'kunena kuti sindinamupeze. Ndani akanadziwa?" Ndinawauza kuti sanalakwe. Koma musandifunse, Amayi, kuti ndi kangati ndalakalaka zomwezo kuyambira tsiku limenelo. Ndikulemba pano kuti inu mudziwe, chifukwa kwa wina aliyense sindinganene. Ndinafuna kuti munthu wosalakwa apitirize kulira mwana wamoyo, kuti ine ndipeze mtendere. Inu munkati chinthu chotola mumdima chimafuna kudyera mumdima moyo wonse. Mawuwa akundisowetsa pokhala.

Ngati kuti zimenezo zinachepa, Lachitatu lapitali kunabwera kalata yochokera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito. Andidikira mokwanira. Akuti ndikafike mwezi uno usanathe, apo ayi malo anga apereka kwa wina. Ndinaiwerenga nditaimirira pa positi ofesi, ndinaiwerenganso nditafika kunyumba, mawu ake sanasinthe. Ndikapita, miyezi khumi ndi inayi imene ndakhala kuno yafera m'mazira, ndipo Fakisoni akadzabwera adzapeza kuti mayi uja ankati amakonda mwana wake anakwera ndege. Ndikakhala, ntchito yatha, ndipo a boma la uko nawonso amayang'ana ngati pakhomo pali mphamvu zolerera mwana asanamulole kulowa. Kutsogolo kwatsekeka, kumbuyo kwatsekeka. Ndipo mwina ndikudikira mwana amene sadzakhala wanga.

Lamlungu ndinakwera pachulu paja n'kuwawerengera a Tomasi kalata yonse. Kenako anati, "Mayi a Ndaziona, musabwere. Ine ndiwonjezera maola kuntchito. Tikamusiya panopa tidzadzifunsa mpaka kufa." Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Ndinakhala pansi pachulu pomwepo, linthumbu likundiluma, osamva.

Lolemba ndinayankha kalata ija. Ndinawathokoza chifukwa cha zaka zonse, ndinawauza kuti apereke malowo. Ndinakaiponya tsiku lomwelo.

Mvula yoyamba inagwa dzana. Dzulo ine ndi Esinati tinadzala munda wanu wa kumunsi, chimanga ndi nandolo m'mizere momwe munkachitira. Manja anga anafewa ndi magolovesi a m'chipatala, lero ali matuza okhaokha. Esinati anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, wodzala ndiye wokolola. Ndiye kuti muli konkuno mpaka Epulo." Ndinati mwina mpaka kupitirira.

Disembala sali patali. Sindikudziwa chimene munthu uja adzabwere nacho, ndipo ndasiya kuyerekeza. Koma ndikulonjezeni ichi, Amayi. Akadzakhala pansi patsogolo panga, sindidzamunamiza. Ndidzamuuza kuti kumene tikupita ndi kutali, kuti sitingamabwere chaka chilichonse, kuti mwana adzakula akudziwa dzina la bambo wake ndi la mayi wake Eluby, ndiponso kuti sanatayidwe. Akadzadinda, adinde akudziwa. Akadzakana, sindidzamukokera kukhothi. Ndidzakhala naye pansi n'kumuuza zonse pang'onopang'ono kuti asaiwale: kuti Ndaziona amaopa atambala, kuti phala lopanda nsinjiro amalavula, kuti akayamba kudzikoka khutu lamanzere ndiye kuti tulo tamugwira, amunyamule msanga asanayambe kulira.

Mundipempherere kumeneko kuti pa tsikulo ndidzalimbe mtima. Muwapatse moni abambo.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Rozina