Opareshoni Yopanda Bala

Chinsapo, Lilongwe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Sharif,

Asalamu alaikum. Ndine mlongo wanu Zulekha. Ine pensulo sindiidziwa, ndikungoyankhula, wina akulemba. Pa foni sindinganene izi, chifukwa foniyo ndi ya Ashraf ndipo amaima pompo ndikamayankhula nanu. A Elube apaneba ajambula kalatayi ndi foni yawo kuti ikupezeni ku Joniko lero lomwe.

Achimwene, mbumba yanu ikudyana. Chimwalirireni bambo awo, anyamata anga awiriwa, Kassimu ndi mng'ono wake Ashraf, amene amamuopa ndinu nokha malume awo.

Kassimu anayamba kudwala itangotha Ramazani. Maso chikasu ngati mango akupsa, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuyabwa kwake! Ankadzikanda ndi kachidutswa ka lata mpaka magazi. Mbaula anasiya kukhoma. Kuchipatala chachikulu adokotala anatiitana ine ndi Maureen, mkazi wake uja wa ku Thyolo. Akuti, "Amayi, muli chotupa cha khansa chimene chapana njira ya ndulu, ngati galimoto yaponda paipi ya madzi. Nduluyo ikubwerera m'magazi. Tiika kapaipi kakang'ono, timati sitenti, kuti njira itseguke. Chikasu chitha, kuyabwa kutha, koma chotupacho chikhala pompo. Kapaipika pakapita miyezi kamatsekeka. Mukadzaona chikasu chabwerera, thupi likutentha, musadzagone naye kunyumba, tidzasinthe msanga."

Kassimu anatigwira manja tonse awiri. Akuti musauze munthu za khansazi, anthu angandiike m'manda ndikupuma.

Pamenepo n'kuti Ashraf atapita kale kwa munthu wina woombeza ku Mgona. Kumeneko anamuuza kuti mkazi wa mkulu wakeyo ndiye wathirira mwamuna wake mankhwala m'chakudya kuti atsale ndi puloti. Mukudziwa sanamufunepo Maureen chifukwa cha tchalitchi chake chija.

Tsiku limene anaika kapaipiko tinamusiya Kassimu ali m'tulo ta mankhwala, tinabwera kudzatenga zovala. Tinapeza Ashraf atakhala pakhomo ndi chitsulo chopindira malata.

Akuti, "Alamu, mwamudyetsa chiyani mkulu wanga?"

Maureen akuti, "Alamu, tiyeni mukafunse adokotala."

"Dokotala wake ndi ameneyu."

Anamukoka tsitsi kuchokera pakhonde mpaka pampopi, anthu atadzaza kumpanda, osaleretsa ndi mmodzi yemwe. Anamuponda m'nthiti. Atakweza chitsulo chija Maureen anaphimba mutu ndi mkono, ndinangomva kuti phwa, ngati munthu wathyola nzimbe pabondo. Ine ndinadzigwetsa pamwamba pake. Chachiwiri chinapeza ine pakamwa, dzino langa lakutsogolo lija ndinalilavula m'matope. Ataona magazi a mayi wake ndi pamene anaima. Maureen anadzuka n'kuthawa opanda nsapato, mkono ukulendewera.

Ndiye taonani tsoka lake. Sabata isanathe maso a Kassimu anayamba kuyera. Anasiya kudzikanda, anapempha mpunga wa nyemba. Atatuluka m'chipatala, Ashraf anamukweza malaya pamaso pa azibambo obwera kudzazonda.

"Taonani anthuni! Opareshoni yake ili pati? Bala lili kuti? Ulusi uli kuti?"

Ine ndikuti mwanawe, sanang'ambe. Analowetsa chingwe chokhala ndi diso pakamwa mpaka m'mimba, kapaipiko kanadzera momwemo.

Akuti, "Paipi kulowera pakamwa? Amayi mwakalamba. Achipatala sanachite kanthu. Mfiti yachoka, munthu wachira, basi."

Azibambo aja onse kugwedeza mitu. Ndinaphwanya lonjezo, ndinanena kuti ndi khansa. Anaseka. Akuti khansa yake iti yochira sabata imodzi? Kassimu anangogwetsa malaya n'kuyang'ana pansi. Iye tinamuuza kuti mkazi wake wapita kumudzi, amayi ake adwala. Sakhulupirira, koma mphamvu zolimbana ndi mng'ono wake alibe.

Miyezi itatu tinapuma. Anakhomako mbaula zingapo, Alihamudulilahi.

Tsopano kuyambira Lachisanu chikasu chabwerera. Thupi likutentha ngati mbaula zakezo, akunjenjemera mpaka bedi kulira. Ine ndikudziwa kuti kapaipi kaja katsekeka monga ananenera adokotala. Ashraf akuti ayi, ndiye kuti mkazi uja wayandikira, wayambiranso. Wakhoma loko pachitseko cha mkulu wake, amanditsegulira pokamumwetsa phala pokha. Ndinaitana wa kabaza kuti timunyamule, Ashraf anagwetsa wa kabazayo ndi njinga yomwe n'kumuswa mlomo. Dzulo wanola chikwanje pagalainda ya Kassimu, lero wakafunsa za Maureen ku Likuni, akuti mawa ku Chilinde. Akuti akamupeza amudula manja onse ophikirawo.

Kupolisi ndinafika pageti n'kubwerera. Ndi mwana wanga uyunso, ndinamubereka kumsana. Koma mukapanda kuimba, mawa ndilowa.

Sindikupempha ndalama, achimwene, kapena bulangete. Muimbireni Ashraf. Musamunyengerere, mumuyankhule ndi mawu aja munamuyankhulira atagulitsa njinga ya bambo ake. Mumuuze kuti malume alamula, tsegula chitseko, pita naye kuchipatala. Kassimu sachira, ndikudziwa, ndinauzidwa ine mwini. Koma asafe akudzikanda, atatsekeredwa ngati mbuzi. Akasinthe kapaipiko, adyeko mpunga wina.

Mupereke moni kwa alamu a Bahati ndi ana onse. Kassimu akupereka moni. Ndikamamupukuta thukuta amafunsa ngati basi ya ku Thyolo yafika.

Mukaona zilembo zapindikapindika musanyoze wolembayo. Akulemba ndi dzanja lamanzere, lamanjalo silinalunge bwino, silipinda. Atamva kwa a Elube kuti mwamuna wake wadwalanso anabwera Lamulungu, atafunda chitenje kumutu. Ali kuchipinda kwanga kuseri kwa matumba a makala, ndipo khoma lake ndi lomwelo la Kassimu, akabuula amamumva. Ndamuuza kuti thawa mwanawe, akuti ndani akamugonere kuchipatala, inu ndi msana wanuwo? Izi Ashraf musamuuze. Ndamuuza apereke moni wake yekha.

Moni amalume. Ndine Maureen. Zovala zake ndalongedza kale. Imbani lero.

Ndine mlongo wanu,
Zulekha