Wa Gasi Uja Wakuwa M'Chichewa

Achemwali,

Inu kukakamira kuti mnyamata wobweretsa gasi uja ndi Mzulu, ine ayi, maso aja ngakwathu. Lero zadziwika! Galu wa alandilodi wamugwira buluku, iye "Mayo ine, ndafa!" Chizulu chake chonse cha "Yebo" chija kuiwala. Titangophana maso, iye liwiro, galu pambuyo pake, poti ndinaiwala kutseka geti. Eish, pepanitu.

Ndapita kukasaka galuyo alandilodi asanaweruke, angatithamangitse m'chipinda muno. Nyemba ndaphula, zapserera pansi pokha. Mukafika kuchokera ku Morningside muyanikeko zovala zili m'beseni.

Kunena zoona, galuyo njira ya kwawo amaidziwa. Ine ndikufuna mnyamatayo andiuze dzina lake ndi mudzi wake, m'Chichewa chomwecho.

Tayamika