Mchere wa a Dalaivala

3 Marichi, Lolemba
Amunanga abwera msanga, nkhope yakugwa. Kuntchito anayeza madalaivala onse a mabasi. Maso bwino, makutu bwino, koma bipi, kuthamanga kwa magazi kuja, m'mwamba. Awapatsa mpaka kumapeto kwa mwezi. Ikapanda kutsika, kiyi wa basi abweza. Lendi, fizi ya mtsikana wathu, zonse zimatuluka pa chiwongolero chomwecho. Anesi akuti mapilisi m'mawa uliwonse, mchere achepetse, zokazinga asiye, aziyendako wapansi. Eni ake akuti, "Munthu wodwala amamaliza mbale ziwiri ngati ine?" Ndaseka nawo, koma mtima uli m'mwamba.

5 Marichi, Lachitatu
Nkhani yafika kale kwa alamu anga, achemwali awo aakulu. Atulukira ndi chikwama: adyo, jinja, mandimu, ndi malangizo a pafoni osatha. Akuti adyo wosaphika m'mamawa, mapilisi ataye. Ndawathokoza, ndawapatsa tiyi, mapilisi ndawasiya pomwe ali. Ndinafunsa kale ku famase, akuti chakudya chimathandizana ndi mankhwala, sichilowa m'malo mwake. Alamu ndimawakonda, koma akanakhala dokotala manda akanadzaza.
Amunanga atafuna kachidutswa kamodzi ka adyo, misozi mbwe. Akuti mawa okwera onse athawira mipando yakumbuyo.

9 Marichi, Lamulungu
Kontena ya masana tsopano ndi ntchito yanga yaikulu. Nyemba za mafuta pang'ono, masamba, mpunga, peyala, nthochi. Mchere kungonunkhiza. Kontenayo imabwera yoyera ngati wanyambita mphaka. Ndanyadira. Mapeyala akwera mtengo, sopo wochapira adikira kaye.
Madzulo timayenda mpaka pa mlatho n'kubwerera. Amadandaula njira yonse kuti dalaivala woyenda pansi ndi chipongwe. Lero powoloka msewu andigwira dzanja, zinthu za kalekale tili pachibwenzi. Sanalisiye mpaka pa geti. Manyazi ngati kamtsikana.

14 Marichi, Lachisanu
Takayezetsa ku famase. Bipi yangotsika pang'ono chabe. Mutu wanga waima. Chikulakwika n'chiyani? Mapilisi ndimawamwetsa ndekha, mchere ndimathira ndekha. Iwo kuyang'ana kumbali, kuimba kamluzu. Kamluzu kameneko ndimakadziwa, kamabwera akabisa kanthu.

17 Marichi, Lolemba
Anaiwala kontena patebulo, ndinakawapatsira ku depoti masana. Zimene ndaona! Madalaivala sadya aliyense chake. Amaika makontena onse pa benchi limodzi, zivundikiro pansi, aliyense n'kumatapa pomwe wafuna. Akuti amadya choncho chiyambire, kuti amene alibe tsiku limenelo asaonekere. Ndiye nyemba zanga ndi mapeyala anga amamaliza ndi a Chimimba, dalaivala mnzawo wonenepa uja. Amunanga ali pa soseji ndi tchipisi cha eni ake, mchere waa. A Chimimba mpaka kundithokoza: "Alamu, chakudya chanu chandichotsa kudzimbidwa, lamba ndabweza bowo." Masiku onsewa ndakhala ndikuchiritsa mwamuna wa mwini!
Kunyumba ndakalipa mpaka mawu kusasa. Andisiya ndamaliza, kenako angoti, "Ndizikadya pandekha ngati wosalidwa? Anthu aja anandidyetsa miyezi yonse imene unagonekedwa m'chipatala." Ndi zoona.

19 Marichi, Lachitatu
Kuwachotsa pa benchi sindingathe. Kuwasiya choncho, ntchito ipita. Tsiku lonse dzulo kungozungulira m'nyumba. Lero ndatenga foni yawo, ndapempha manambala a akazi a anzawo. Mkazi wa a Chimimba wayamba wandiseka mpaka kutsokomola, kenako wati, "Asisi, mutu umodzi susenza denga. Tiuzeni zophika." Wina anavutako, akuti mwamuna wake chopanda mchere amabweza mbale. Ndamuuza kuti afinyiremo ndimu, athire anyezi ndi tomato wambiri, lilime lipusitsika. Wati ayesa, koma banja likatha abwera kudzakhala kwathu.

25 Marichi, Lachiwiri
Benchi lonse lasintha. Nsomba yowotcha, nyemba, kabichi, karoti, nthochi mulu. Wina akuti anabwera ndi mchere m'kapepala, wabisa m'thumba la shati. Anzake amulanda, akhuthulira mu ngalande. Adyo akununkha depoti yonse, a muofesi amatseka mawindo. Amunanga amandifotokozera akuseka, koma maso amawala mwamtundu wina. Azibambo akuluakulu, a ndevu zawo, kudya zosakolera chifukwa cha mnzawo. Ndinalira pang'ono ndikusenda anyezi. Sanali anyezi ayi.
Ine kutopa. Msika, moto, mafoni a azimayi ofunsa ngati peyala amanenepetsa. Mutu ukumandiwawa kunkhongo kuno, ndimangomwa madzi. Nthawi yodwala ndilibe.

28 Marichi, Lachisanu
Mtsikana wathu waimba kuchokera kusukulu, akufunsa ngati adadi ake apambana akakayezedwanso. Ndati apambana. Ndanena ngati ndikudziwa. Alamu atumizanso mandimu, nyumba yonse ngati munda.

31 Marichi, Lolemba
Ndinawaperekeza kokayezedwa. Anzawo pa windo la kachipinda ngati ana asukulu. Anesi kumanga lamba pamkono, kupopa, kuyang'ana, kupopanso. Yatsika! Mapilisi asasiye, koma basi ayendetse. A Chimimba anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Ine ndinangokhala pansi.
Amunanga m'chisangalalo chomwecho anati, "Ayezeniko adokotala angawa, anthu aone mmene munthu wathanzi amakhalira." Ndinapereka mkono ndikuseka. Anesi sanaseke. Anabwereza, anasintha mkono, anabwerezanso. Bipi yanga yaposa imene amunanga anali nayo poyamba paja. Akuti mawa m'mawa kuchipatala, osazengereza.
Ine mantha, sindinama. Tafika kunyumba, amunanga andikhazika pampando, andivula okha nsapato. Pano ali kukhitchini, munthu amene sadziwa ngakhale pomwe mpeni umakhala. Mapoto akugwa. Aimbira achemwali awo kufunsa ngati nyemba amayamba ndi madzi kapena mafuta. Ndimati ndidzuke ndikathandize, akuti, "Ukadzuka pamenepo tiyambana."
China chake chikupserera uko. Kaya n'chiyani, ndidya chonse.