Masokosi a Colby

Lachisanu

Royce, 08:12
mayi Hrynkiw mwadzuka bwnj. mwana wanga Colby wandiimbira akulira. akuti mwachapa masokosi ake a hockey, masewera a pa ayezi aja?

Arlene, 08:40
Ndachapa. Ndasunga anyamata a timu imeneyi m'nyumba muno zaka zambiri, a Royce, koma fungo lotere ndinali ndisanalimvepo. Galu anasiya kulowa kukhitchini.

Royce, 08:41
chiyambire Januwale sanagonjepo atavala masokosi amenewo. timu ikamapambana sitichapa. inunso ndinu a ku Saskatchewan konkuno, mukudziwa

Royce, 08:43
ndipo madzulo ano kukubwera scout wa timu yaikulu kudzamuonera. draft, pomwe matimu aakulu amasankha osewera atsopano, ili mu Juni. akapanda kumusankha basi, abwerera kuno kudzandithandiza kulima tirigu

Arlene, 09:05
Wothamanga pa ayezi ndi mwana, si sokosi. Wadya mazira ndi nyama ya nkhumba, mbale wanyambita. Asewera bwino.

Loweruka

Royce, 07:30
🎤 mawu ojambula 2:47

Arlene, 07:52
Sindimvera zimenezo, ndili ndi mtanda wa buledi m'manja. Lembani.

Royce, 07:54
tagonja 5-1. anagwa kawiri popanda womukankha

Royce, 07:58
ndinamupeza scout panja. ali ndi kompyuta. anayeza liwiro la mwana, mikono, mapapo, mpaka kufunsa msinkhu wa ine ndi amayi ake. akuti zonsezo zili bho

Arlene, 08:00
Ndiye vuto lili pati?

Royce, 08:03
anamufunsa Colby chavuta nchiyani. atamva za masokosi anavula chipewa ngati pamaliro. akuti mnyamata wolekerera kuti amuchapire timu ikupambana ndiye kuti sanakhwime maganizo

Royce, 08:04
iyeyo jekete lake sanalichape chisankhireni goloboyi wina wabwino kalekale. ndinaima pafupi naye. sakunama

Arlene, 08:06
Munthu wamkulu, wa kompyuta.

Royce, 08:07
abweranso Lachitatu. kukapanda kusintha akuti amusiya

Royce, 08:30
mayi chonde. ndakhala ndikumupititsa ku ayezi m'chisanu chiyambire asanadziwe kumanga nsapato

Royce, 10:15
mwandikwiyira?

Arlene, 13:20
Ndinali kukhola. Masokosi aja ndawapatsa amuna anga, a Orest. Awavala m'kati mwa magambuti, azisamalira nawo ng'ombe mpaka Lachitatu, osavula. Mwana ndamuuza kuti amene ndinachapa anali ena ofanana nawo. Ndati enieniwo ayenera kuti anagwera kuseri kwa makina ochapira, a Orest akapeza mpata wosuntha makinawo ndiwatulutsa.

Royce, 13:22
akhulupirira koma?

Arlene, 13:23
Amakhulupirira sokosi. Alephera bwanji kukhulupirira ine?

Lachitatu

Royce, 09:10
zili bwnj uko

Royce, 11:02
mayi?

Arlene, 12:45
Ndamupatsa. Wawanunkhiza, maso atsekedwa, wati ndi omwewo ndithu, mwinanso awonjezera mphamvu. Wandikumbatira ali nawo m'manja. Ndasintha malaya. A Orest zala zatuluka matuza, ali m'beseni la madzi a mchere, sakundiyankhula.

Royce, 12:46
kkkkk Mulungu awadalitse bambowo. zkm zkm

Lachinayi

Royce, 07:05
zigoli ziwiri mayi, chachitatu wapatsira mnzake

Royce, 07:09
scout akuti pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi sanaonepo mnyamata wodzuka chonchi atagwa. akuti ndi mtima wachitsulo, zinthu zoti kompyuta singayeze. akamuyankhulira kwa mabwana ake kuti amutenge msanga

Arlene, 07:31
Zabwino. Ndasangalala, ndi mwana womvera. Ndiye ndiwachapa lero.

Royce, 07:32
ayi ayi. scout wanena yekha kuti asakhudze madzi mpaka draft itadutsa

Arlene, 07:33
Tili mu Febuluwale.

Royce, 07:40
palinso kankhani kena kakang'ono

Royce, 07:44
Colby wauza anzake kuti masokosi akagona kuseri kwa makina anu amatuluka ndi mphamvu. akubwera ndi awo akaweruka kusukulu, kuti akhwime pofika Loweruka. timu yonse. ndi a kochi omwe

Royce, 08:20
mayi Hrynkiw?

Royce, 09:02
📞 simunayankhe

Arlene, 10:48
A Orest ali ndi mapazi awiri okha.