Njoka Imene Imadyetsa Overton

Maddington, Perth
19 Seputembala 2021

Okondedwa achimwene a Flywell,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga ana ndi adzukulu ali bwanji ku Nkhomako? Ife kuno Mulungu akutisunga. Mwana wanga Gladness akugwirabe ntchito yake ya unamwino, ndipo khanda lake lija ndinabwerera kudzalera pano likuthamanga nyumba yonse. Ndinabwera kudzakhala miyezi itatu, koma malire a dziko lino chitsekereni sanatsegule, ndiye ndikadali pompano.

Ndalemba pamanja chifukwa foni yanga simuyankha. Ya Gladness simuyankhanso. Mwana wanu Augustine wandiuza kuti ikangoitana nambala yakunja mumaivundikira ndi mbale. Ndiye kalatayi tiijambula n'kumutumizira iyeyo, akaisindikize n'kukupatsani m'manja. Pepala sililuma, achimwene.

Nkhani ndi ya mwana wanga Overton, amene ndi wanunso, poti malume ake ndinu nokha.

Pa 14 Ogasiti a kwawo kwa Tayamika, mtsikana amene Overton akufuna kumanga naye banja, anakuyembekezani ku Nathenje kuti mukayambe za unkhoswe. Anasesa pabwalo, anapha nkhuku. Malume a mtsikanayo, a Greyson, anakhala pampando ali chivalire jekete kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Inu simunapite, ngakhale kutuma mawu simunatume. Ine ndinawapepesa kuti mwina ndi mwendo, poti ndi zimene ndinkaganiza.

Sabata yathayi m'pamene Augustine wandiululira. Akuti mukunena kuti simungaimire unkhoswe munthu wokhwima. Akuti Overton akuweta njoka kuchipinda, amaimwetsa magazi a anthu, ndipo ndi imene inatenga akazi anu, alamu a Philomena. Nditamva ndinangokhala pansi m'khitchini momwemo.

Ndikudziwa pamene zinayambira, chifukwa ndinalipo. Linali tsiku la Khirisimasi chaka chatha, pamene tinakuimbirani foni yoonana nkhope. Inu munamufunsa bwinobwino kuti munthu ali pa sukulu amapeza bwanji chakudya. Yankho lake linali losavuta: yunivesite imamulipira pa kafukufuku amene akuchita. Koma mwanayu Chichewa chake chinatsala cha nthabwala chokha. Anatembenuzira foni ku kompyuta, kukuonetsani chithunzi, n'kunena kuti malume, njoka iyi ndi imene imandidyetsa, ndimagona nayo, ndimadzuka nayo.

Inu munafunsa kuti imafuna chiyani. Iye anati magazi. Munafunsanso kuti a ndani. Iye anati a anthu odzipereka, maina awo sawadziwa, ndipo masiku ano akusowa chifukwa cha mliriwu.

Foni itangoduka ndinamufunsa kuti, iwe, kodi umadzimva ukamayankhula? Anangoseka, akuti malume si mwana, amva kuti ndi zocheza. Sukulu yonse ija, achimwene, munthu osadziwa kuti pali mawu osaseweretsa! Ndinamukalipira tsiku limenelo, ndamukalipiranso sabata ino. Pamenepo pokha ndili mbali yanu. Koma uchitsiru si ufiti.

Tsopano imvani za njokayo, monga ndazimvera ine wa Sitandade 7.

Njoka imeneyi kuno kulibe. Kwathunso kulibe. Imakhala ku South America, m'nkhalango za mvula yambiri. Mutu wake ndi wosongoka ngati nsonga ya mkondo, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Khungu lake ndi la masamba ouma, moti ikadzipinda pansi pa nthochi munthu amaiponda akuiona. Pakati pa diso ndi mphuno ili ndi kadzenje kamene imamvera kutentha kwa thupi la mbewa kapena phazi la munthu, ngakhale mumdima. Imaluma alimi ngati inu, m'minda ya nthochi ndi khofi. Ikaluma, magazi a munthu amaleka kuundana, amangotuluka pabala ndi m'nkhama, ndipo ena amadulidwa mwendo. Ndi mphiri ya kumeneko, tingotero. Ntchito ya Overton ndi kufufuza chimene ululu wake umachita m'magazi, kuti olumidwa azipulumuka.

Musaganize kuti ndangomeza za mwana wanga. Lachitatu ndinamuuza kuti anditenge ndikaone ndekha. Tinakwera sitima pa Maddington mpaka m'tauni ya Perth, kenaka basi. Alendo salowa m'chipinda chimene amayezeramo, koma anandilola kusuzumira pagalasi. Ndinaona mafiriji, makina, ndi mtsikana wachimwenye akulemba pa kompyuta. Overton anavala magulovu n'kunyamula kabotolo kochepa kuposa chala changa chaching'ono, muli kaufa kachikasu pansi pake. Ndi ululu wouma umenewo, wobwera pa ndege ndi zikalata za boma. Njoka yonse imene yaimitsa ukwati ndi imeneyo. Magazi aja ndi a anthu amene amapita okha kukapereka, monga amachitira ana a sekondale kwathu galimoto ya achipatala ikafika pasukulu.

Ndipo chinthu china chimene sakanafuna kuti ndikuuzeni ndi ichi: njoka yamoyoyo iye sanaionepo. Ankayenera kupita kunkhalangoko mu Juni 2020, ndege zinaima, ulendo unafera m'mazira. Amaidziwa pa zithunzi ngati inu nomwe.

Kuno kwayamba kufunda, ndipo njoka za konkuno zayamba kutuluka. Loweruka lapitalo ina yofiirira inadutsa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanika zovala. Mfiti yanu ija inakuwa kuti mami, mami, n'kukwera pamwamba pa bini ya zinyalala, bini n'kugwa nayo, iyo n'kuthawira m'nyumba. Ine ndinatenga fosholo, koma Gladness anandigwira dzanja, akuti kuno kupha njoka ndi mlandu. Tinaitana mzungu wina wogwira njoka, anabwera ndi thumba ndi ndodo yokhota, n'kupita nayo kutchire. Overton anatuluka m'nyumba munthuyo atapita, akufunsa ngati yapitadi. Uyo ndiye mukuti amagona nayo.

Za alamu ndilemba mofatsa, chifukwa pamenepo sindikuseka.

Anayamba kutsokomola pa 9 Januwale, anatisiya pa 17. Mwezi umenewo munandiuza nokha kuti ku Nkhoma makasu sankauma dothi. Kodi onse aja anatengedwa ndi njoka ya Overton? Alamu ndi amene ankamuchapira yunifolomu pamene ankakhala kwanu ali Fomu 1. Tsiku la maliro tinaonera pa foni, anthu ochepa atatalikirana, bokosi losatsegula. Overton anatuluka n'kukadzitsekera m'galimoto, ndipo ndinamupeza akulira ngati mwana wa chaka chimodzi.

Ndikudziwa kuti munawaika osaona nkhope yawo. Ndikudziwa kuti ine mlongo wanu sindinabwere kudzakhala nanu pa mphasa, ndipo zimandidya mpaka lero. Mtima ukamawawa chonchi umafuna munthu womuloza chala, chifukwa matendawa alibe nkhope. Koma achimwene, mwaloza mwana wanu yemwe.

Ndipo mawu anu sanathere pakhomo panu. Afika kale ku Nathenje. A Greyson anandiimbira, mwaulemu wake, n'kufunsa ngati zimene akumva kumsika zili zoona. Anati iwo ndi anthu opemphera, za kumsika satengera, koma malume a mnyamata akamathawa mwana wawo yemwe, iwo aziganiza chiyani? Anati atipatsa tsiku limodzi lomaliza, Loweruka pa 2 Okutobala. Mukapanda kufika, adzatenga kuti mtundu wathu sukumufuna mwana wawo, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Tayamika wanena kuti sangakwatiwe makolo ake atakana.

Mtsikanayu simunamuone. Amasamalira okalamba konkuno ku Morley, amawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku lonse atavala masiki mpaka makutu kuchita mabala. Akafika kuno amagwada pondipatsa moni, pa matailosi ozizira, ngakhale ndimuletse. Masiku ano amabwera maso ali otupa, akuti ndi mphepo. Ine ndabereka ana, mphepo ndimaidziwa.

Anzathu a kutchalitchi akuti bwanji a Mwangala, mkulu wa mpingo wa ku Zambia, angoimira unkhoswe pa foni. Ndi munthu wabwino, koma ndakana. Banjali likadzagwedezeka mawa, adzakhala pansi n'kuliweruza ndani? Ndipo ndidzawauza chiyani a ku Nathenje, kuti mwana ali ndi malume amoyo, oyenda, odya, koma tabwereka a eni?

Ngati mukuopa chilichonse chochokera kwa Overton, musakhudze kanthu kake. Ndamuletsa kutumiza ya thiransipoti. Njinga yanu ija munagula ndi fodya wanu mu 2009, ine ndilipo. Augustine wavomera kukupalasani chifukwa cha mwendowo. Jekete muli nalo lanu, la pa ukwati wa Gladness. Palibe chimene ndikupempha choposa kuti mukakhale pampando moyang'anana ndi a Greyson, n'kunena kuti mnyamatayu ndi wathu. Mukafuna kumukalipira chifukwa cha pakamwa pake, mudzamukalipire pambuyo pake, ine ndidzakugwirirani foni.

Tsopano chomaliza. Pamene a Greyson anandifunsa ngati mudzafike, sindinanene kuti ndikufunsani kaye. Ndinati mudzafika. Anandifunsa kachiwiri kuti, mayi, mukunenetsa? Ndinati ndikunenetsa, achimwene anga ndimawadziwa, anandilera bambo atamwalira, sanandichititsepo manyazi.

Ndiye mawu anga ali kale ku Nathenje. Pa 2 Okutobala a Greyson akakhalanso okha mpaka dzuwa kupendeka, sadzanenanso za njoka. Adzati mayi wa mnyamata uja ndi wabodza. Zimenezo ndazisiya m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa Augustine ndi mkazi wake, kwa adzukulu onse, ndi kwa amayi a chigwirizano amene anakugonerani pa maliro. Gladness akupereka moni. Overton ndi Tayamika akuperekanso moni, ndipo sakudziwa kuti ndalonjeza.

Ambuye akuchizeni mwendo, akutonthozeni mtima, ndipo atisunge mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Annastazia