Tawatsitsa Bambo ku Phiri

Lolemba, 4 Novembala 2024

Tawatsitsa bambo lero. Kuchoka kwa Kawinga, nyumba yawo ya paphiri ija, kubwera kwanga kuno ku Liwonde. Galimoto sifika pakhomo, ndiye achimwene a Walter anawabereka mpaka kumsewu. Munthu woti waphunzitsa Chichewa moyo wake wonse, lero mawu akumukanika. Sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo, zii.

Potuluka anagwira chitseko ndi dzanja lamanzere. Ndinawamasula chala chimodzichimodzi. "Ndi masiku ochepa chabe, mukachira tibwerera," ndinatero. Bodza. Ine ndi a Walter tinagwirizana kale kuti sadzakhalakonso.

Lachinayi, 7 Novembala

Kutentha. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Mankhwala akweranso mtengo.

Mwana wanga Favour mafunso sakutha. Zaka zinayi, pakamwa ngati wailesi. Bambo popempha madzi anati "madzi ichi". Iye pompo, "Amayi, bwanji agogo akulankhula ngati mwana?" Ndinamutsina. Kenaka ine ndemwe n'kuwakonza: "Awa, bambo. Madzi awa." Mokweza, ngati ndili ndi ana anga a kusukulu ya mkaka. Anangondiyang'ana. Madziwo sanamwe.

Ndili mwana ankandikonza chonchi. Koma iwo sankakweza mawu.

Lamlungu, 10 Novembala

Funso loti ndikanafunsa munthu: chikuku cha wodwala umatsika nacho bwanji pamtsetse? Pochokera ku Misa, kanjira ka kuseri kwa msika kaja. Ndinangolunjika nacho kutsogolo. Chinandikoka, tayala n'kugunda mwala, bambo chafufumimba m'fumbi. Ndi jekete lawo la kutchalitchi. Chipumi chang'ambika.

Anamwino posoka anati potsika umayenda chafutambuyo, iwe kumunsi, wodwala kumtunda. Zapafupi choncho.

A Walter pafoni ndawauza kuti bambo anadzigunda pabedi. Ndanamiranjinso?

Lachitatu, 20 Novembala

Sindinalembe masiku onsewa. Bambo ndikalowa amatembenukira kukhoma. Phala amalandira kwa Favour yekha.

Lero pobwera kuntchito ndamva kuyimba pakhonde. Kanyimbo kamene ndinapekera ana kusukulu: "Kambuzi tsika, tsika pachulu, amako akuitana." Favour akutsogolera, pansi pake mawu ena okhuthala. Bambo! Mawu onse bwinobwino, osaphonya ngakhale amodzi. Kulankhula kukukanika, kuyimba kukutheka. Zimakhala bwanji zimenezi? Ndinaima pampanda, thumba la matemba lili m'manja, misozi.

Kenaka Favour, "Agogo, nanga kambuziko kakatsika kadzakweranso?" Bambo anasiya kuyimba. Anali atandiona. Ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala chinachake pamoto.

Loweruka, 23 Novembala

A Walter anabwera. Nyumba ya kuphiri aisasula denga, malata akawasunga kwawo kwa Nsamala. Akuti akuba akanatha onse. Sanandifunse. Akanandifunsa ndikanati chiyani?

Atapita ndinakhala pansi pafupi ndi chikuku. Ndawauza zonse. Kuti sabwerera. Kuti nyumba ilibe denga. Kuti ndinkadziwa tsiku lomwe ndinkawachotsa pachitseko lija. Ndimafuna akwiye, andilalatire ngakhale ndi mawu osokonekera. Anayesa kulankhula. Chotuluka: "Amayi ako."

Basi.

Manda a amayi ali kuseri kwa phiri lomwelo. Chaka chilichonse mvula isanagwe bambo ankapita kukalambula okha. Ine ndinkaganiza za chimbudzi, za chipatala, za msewu. Za amayi sindinaganizeko n'komwe.

Lachiwiri, 26 Novembala

Ndapempha tchuthi Lachisanu. Galimoto ya a Bizwick, aneba athu, yapezeka. Kumudzi ndatumiza uthenga kuti tikubwera. A Walter akuti ndi misala, mitambo yayamba kale kuda, ndipo pokwera awabereke ndani? Ndati ine ndi inu, mosinthana. Kenaka akuti abweretsa khasu.

Bambo ndawauza zoona zake: tikaona manda, tikalambula, tibwerako tsiku lomwelo. Ndinabwereza kawiri. Anagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati avomera zonse kapena zopita zokhazo. Akakakana kutsika ndidzatani? Sindingawamasulenso zala.

Bambo akuitana kuchipinda. Osati Favour. Akuti Emmie. Dzina langa, koyamba chidwalireni. Ndipite