Funso la Tadala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Kasakula amayi akudandaula miyendo yomwe ija. Ine thupi lachira, ndipo ndinayambiranso kuphunzitsa Lolemba.

Ndinapeza kalasi yanga yafika pa phunziro la zinthu zamoyo. Ndinalemba pabolodi kuti chamoyo chimapuma, chimadya, chimakula ndiponso chimabereka. Kenaka tinatuluka kukayerekeza mwala ndi nyemba zimene ana anadzala m'zitini ndisanagonekedwe m'chipatala. Zamera zonse, achemwali, ngakhale za m'chitini chadzimbiri.

Pamenepo Tadala, mtsikana wina wofatsa, anakweza mkono. "Madamu, nanga chinthu chikamapuma ndi kudya koma osabereka, ndi chamoyobe?" Sankanena ine ayi, ankanena mbuzi yakwawo. Ndinamuyankha bwinobwino kuti inde, ndi chamoyo. Belu litalira ndinapita kuseri kwa kalasi n'kukalira ngati mwana.

Aka n'kachitatu kupita padera. Apongozi sanabwere n'komwe kudzandizonda, ndipo alamu anu akungokhalira kumunda wa fodya. Akabwera timadya osayang'anana.

Tizovala ta khanda munagula tija musatumize, mupatse wina kumeneko. Chimene ndikupempha n'chakuti mundiimbire foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Mwana uja ndinamuuza kuti inde, koma ine palibe wandiuza.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati